Galu wakuda akungotuluka bii pa chithunzi, ndithandizeni nzeru

Chikondi wa ku Area 25:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ine ntchito yanga ndi ya maukwati ndi zinkhoswe, koma mayi ena a ku Area 47 amene ndinawajambulira ukwati wa mwana wawo andipempha kuti ndijambule galu wawo. Akufuna chithunzi chachikulu choika mu fulemu pabalaza. Galuyo ndi Rottweiler, wamkulu ndithu. Ndapitako, koma pa zithunzi zonse akungooneka ngati thumba la makala, maso osaoneka, ubweya osaoneka, lilime lokha. Ndikayatsa fulashi maso akusanduka obiriwira. Kamera ndi Canon 2000D, malenzi ndili nawo awiri, 18-55 ndi 50mm f/1.8. Andipatsanso mpata sabata ya mawa. Akuluakulu, ndiyambire pati?

Yamikani:
Pepani ndifunse kaye, zoona anthu akulipira kuti galu ajambulidwe muno mu Lilongwe? Ndikufunsa chifukwa ndangoyamba kumene ndipo ndikufunafuna pogwira.

Gift wa ku Area 49:
Akulipira achimwene. Ine ndimaweta ma Boerboel ndipo tiagalu tikabadwa, wogula amayamba waona chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook asanayatse galimoto. Chithunzi chikakhala mbuu sabwera n'komwe. Palinso azungu ndi amwenye a ku Area 10 ndi Area 43, komanso Amalawi ambiri masiku ano amene galu wawo ndi wa m'banja. Msikawo ndi waung'ono koma ojambula odziwa agalu ndi ochepa zedi.

Bambo Nkhoma:
A Chikondi, musanakhudze batani lililonse, tiuzeni: munajambula nthawi yanji, ndipo kumbuyo kwa galuyo kunali chiyani?

Chikondi wa ku Area 25:
Inali cha m'ma 11 koloko bambo, pa kapinga. Kumbuyo kuli mpanda wopaka laimu woyera.

Bambo Nkhoma:
Vuto lili pomwepo, kamera yanu ilibe mlandu. Ndifotokoze mofatsa chifukwa ambiri zimawasokoneza.

Kamera ikamayeza kuwala imafuna kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosayera kwambiri, chosada kwambiri. Ndiye ikaona mpanda woyera mbee dzuwa likuswa mtengo, imachepetsa kuwala kuti mpandawo usapse. Mpanda umatuluka bwino, galu n'kumira. Koma mukayandikira mpaka galu wakudayo adzaze chithunzi chonse, imachita zosiyana: imawonjezera kuwala, ubweya n'kutuluka wotuwa, galu wa zaka zitatu n'kuoneka wokalamba. Pamenepo mumatsitsa kuwala pang'ono, -1/3 kapena -2/3. Ndiye palibe nambala imodzi yoti ndikupatseni. Ikani kamera pa M (manual, pomwe mumasankha zonse nokha), jambulani chimodzi, yang'anani ubweya wa pachipumi ngati tsitsi likuoneka limodzilimodzi, kenako musasinthenso mpaka kuwala kusinthe.

Chachikulu ndi nthawi. Mwezi uno wa October dzuwa likutuluka isanakwane hafu pasiti 5, ndipo likulowa isanakwane 6 koloko. Kwathu kuno dzuwa limakwera msanga, pofika 8 koloko lauma kale. Kuwala kokoma kuja mumakhala nako kwa ola limodzi lokha kapena kupitirira pang'ono, m'mawa ndi madzulo. Masana dzuwa lili pamutu, ndiye maso a Rottweiler, amene ndi oderako kale komanso olowa, amakhala mumthunzi wa chipumi chake. Dzuwa likapendeka limalowa m'masomo, ndipo mumaona kadontho kowala pa diso. Kadontho kameneko ndi kamene kamapatsa galu moyo pa chithunzi. Chikasowa, ngakhale mukonze bwanji pa kompyuta, mwini galu adzanena kuti si galu wake.

Ubweya wakuda umaoneka chifukwa cha kunyezimira kwake, ndipo umanyezimira kuwala kukachokera cham'mbali. Dzuwa likhale kudzanja lanu lamanja kapena lamanzere, chakutsogolo pang'ono kwa galuyo. Kumbuyo musankhe maluwa a mpanda obiriwira kapena khoma la njerwa, ndipo galu atalikirane nalo mamita angapo.

Ngati mayiwo akuti mubwere masana basi, m'khazikeni pakhonde, m'mphepete mwenimweni momwe mthunzi ukuyambira, nkhope itayang'ana kunja.

Mphatso:
Pa khonde ndiwonjezere. Ine ndimanyamula chotchingira dzuwa cha pa galasi la galimoto, chasiliva chija amagulitsa anyamata m'misewu ya ku Old Town. Munthu wina achigwire cham'munsi kuti chibweze kuwala pachifuwa ndi kukhosi. Koma chiyikeni pansi kaye galu achinunkhize, chifukwa chimachita phokoso mukachipinda ndipo agalu ena amachiopa. Katoni yomata pepala loyera imagwiranso ntchito.

Tadala:
Moni nonse. Ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo wa ziweto, kujambula ndi kwa pa Loweruka. Za maso obiriwirazo: kuseri kwa diso la galu kuli kachiwalo konyezimira kotchedwa tapetum lucidum, kamene kamabweza kuwala kuti aziona bwino usiku. N'chifukwa chake maso a galu amawala mukamuunika ndi nyali za galimoto. Fulashi ya pamwamba pa kamera ili pafupi kwambiri ndi lenzi, ndiye kuwala kumalowa m'diso n'kubwerera molunjika mu lenzimo. Batani lochotsa maso ofiira la anthu silithandiza. Zimitsani fulashiyo. Ngati muli ndi yapadera, iwombeni kudenga kapena kukhoma, koma kwa galu amene sakukudziwani ine ndingati isiyeni m'chikwama.

Koma achimwene, mwati lilime lokha ndilo likuoneka. Galuyo anali wefuwefu?

Chikondi wa ku Area 25:
Kwambiri achemwali. Anangomutulutsa m'khola n'kumumanga tcheni, mayiwo n'kumamukokera pa kapinga. Amangozungulira, kuyasamula, kuyang'ana kumbali. Mayiwo akamuitana samawalabadira.

Tadala:
Apa ndiye pali nkhani yonse, ndipo ndikupempha aliyense amene akufuna ntchito imeneyi awerenge.

Kuyasamula kumeneko si tulo. Galu akamayasamula pafupipafupi, kunyambita milomo, kutembenuza nkhope, kugoneka makutu chakumbuyo, kapena koyera kwa diso kukamaoneka m'mphepete, akukuuzani kuti mtima suli m'malo. Mutha kukhala ndi kuwala konse kumene Bambo Nkhoma afotokoza, koma chithunzi chidzakhala cha galu wamantha, ndipo mwini wake adzaona kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula.

Malangizo ambiri amene timaona pa YouTube ndi a agalu ogona pa sofa, ozolowera alendo. Agalu ambiri a muno mu Lilongwe moyo wawo ndi wina. Amatsekeredwa m'khola tsiku lonse, n'kumasulidwa usiku geti likatsekedwa, ndipo anaphunzitsidwa kuti mlendo ndi wouwidwa. Ndiye inu mwafika masana, nthawi imene iye satuluka, mwanyamula chinthu chakuda chokhala ndi diso limodzi lalikulu, n'kumamulozetsa nacho kumaso. Kwa galu, kumuyang'anitsitsa m'maso ndi kumuputa.

Funso loyamba pofika pakhomo likhale lakuti, kodi amamupatsa chakudya ndani? Nyumba zambiri za ku Area 47, Area 10, Area 12, yankho si bwana kapena dona. Ndi bambo osamalira maluwa, kapena alonda, kapena mwana wa m'nyumbamo. Amene amamuphikira nsima ya mgaiwa ndi bonya, kumusambitsa, kumuchotsa nkhupakupa, ndiye amene galuyo amamumvera. Pemphani mwaulemu kuti munthu ameneyo akhalepo, agwire chingwe ndi iyeyo, ndipo pa nthawi yojambula aime kumbuyo kwanu, mutu wake uli pamwamba pa kamera. Galu akamuyang'ana iye, nkhope imamasuka, makutu amaima, ndipo pa chithunzi zimaoneka kuti akuyang'ana mu lenzi. Ine ndinaonapo German Shepherd amene anakana anthu onse a m'nyumba, koma madala olondera atangoyamba kumulankhula chapansipansi m'Chiyao, anakhala pansi n'kupendeketsa mutu. Madalawo muwathokoze, ndipo kangachepe kawo kakhalepo, chifukwa theka la ntchitoyo agwira ndi iwo.

Mayi a Takondwa:
Zoona zimenezo mwana wanga. Kwathu galu amandikonda, koma akamva njinga ya bambo amene amatithandiza panja amaiwala kuti ndilipo.

Gift wa ku Area 49:
A Tadala anena zenizeni. Ndiwonjezere kuti galu wa m'khola musamujambule atangotuluka. Athamange kaye mphindi 15 kapena 20, anunkhize, akodze m'malo mwake monse. Kenako amwe madzi, apume pamthunzi mpaka lilime libwerere. Kukatentha lilime limatuluka lalitali ndipo maso amatsinzinika, n'chifukwa chake m'mawa ndi bwino kuposa madzulo miyezi ino, pansi pamakhala pasanatenthe. Auzeninso asamudyetse musanafike. Galu wokhuta sakopeka ndi chilichonse.

Yamikani:
Nanga tomukopera tabwino ndi totani? Bisiketi?

Tadala:
Chiwindi chowiritsa chopanda mchere, chodula ting'onoting'ono, kapena usipa wouma wosathira mchere. Koma funsani mwini wake kaye. Chokoleti, anyezi ndi mphesa ndi poizoni kwa galu, ndipo mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kumubaya. Kanyenya wa pa chiwaya ali ndi mchere ndi tsabola, musamupatse. Ndipo kwa Rottweiler wolondera, wopereka akhale womuzolowera uja, inu manja akhale pa kamera.

Mphatso:
Tibwerere ku kamera. A Chikondi, 18-55 isiyeni. Mangani 50mm, tsegulani kabowo kolowetsa kuwala mpaka f/1.8 (nambala ya f ikachepa, kabowo kamakula), kumbuyo konse kusungunuke. Pa kamera yanuyo 50mm imaona mofanana ndi 80mm, ndiye simufunika kumuyandikira kwambiri.

Bambo Nkhoma:
Lenzi mwasankha bwino a Mphatso, koma pa f/1.8 sindikuvomerezani. Nkhope ya munthu ndi yafulati, ya galu ndi yaitali. Mukaima mita imodzi ndi theka pa f/1.8, malo akuthwa ndi masentimita pafupifupi 6 okha. Diso likhala lakuthwa, mphuno chimbuuzi, ndipo mphuno ndiyo ili patsogolo penipeni pa chithunzi. Pa foni sizioneka, koma mayiwa akufuna chopachika pakhoma. Pa f/4 malowo amafika cha m'ma 14. Ine ndingayambire pa f/4, ndipo akandiyang'ana molunjika ndifike f/5.6. Kumbuyo kudzasungunukabe ngati galu watalikirana ndi mpanda.

Mphatso:
Ndamva bambo, koma ine mphuno yofewa pang'ono ndimaikonda, imakokera munthu ku maso. Makasitomala anga sanadandaulepo.

Bambo Nkhoma:
Kwa Maltese kapena kagalu ka nkhope yaifupi ndingakuvomereni. Kwa Rottweiler, timabanga tofiirira ta pamwamba pa maso ndi ta m'mbali mwa kamwa ndito kukongola kwake, tioneke bwino tonse. A Chikondi ajambule zonse ziwiri adzasankhe okha.

Pa shutter pokha, nthawi imene kamera imakhala yotsegula pojambula, pasakhale kukambirana. Galu atakhala pansi, 1/500 ya sekondi, chifukwa mutu sukhazikika. Akamathamanga, 1/1000 kupita m'mwamba. ISO, mphamvu ya kamera yomva kuwala, ikwere mpaka 800 kapena 1600, musaope, timachenga ta ISO timakonzeka koma chithunzi chogwedera chilibe mankhwala. Fokasi ikhale pa AI Servo, imene imatsata chinthu choyenda, a Nikon ndi Sony amati AF-C. Sankhani kadontho ka fokasi kamodzi. Kamera yanu ili ndi timadontho 9, ndipo kapakati ndiko kamagwira bwino pa zinthu zakuda. Mukaisiya isankhe yokha imathamangira mphuno kapena lilime. Lozani diso limene lili pafupi ndi inu, ndipo ikavuta kugwira, lozani pamalire a kabanga kofiirira ndi ubweya wakuda pamwamba pa disolo.

Ndipo gwadani. Gonani chafufumimba ngati kuli kofunika, valani zovala zoti zide. Chithunzi chojambula mutaimirira chimaonetsa galu mmene aliyense amamuonera tsiku ndi tsiku, msana ndi pamutu. Lenzi ikatsika kufika pa maso ake, pamatuluka nkhope imene ngakhale mwini wake sanaionepo bwino.

Tadala:
Pa kugona pansipo ndiikepo chenjezo. Kwa galu wolondera, gonani pokhapokha chingwe chili m'manja mwa munthu wamphamvu amene amamumvera, ndipo mukhale patali kuposa pomwe chingwecho chingafike. Funsaninso khadi la katemera wa chiwewe musanalowe pa geti. Musachite manyazi, ndi ntchito. Chiwewe chilipo m'dziko muno, ndipo pafupifupi anthu onse amene amachitenga amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikayamba kuoneka sichichizika. Mukalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Pa 28 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse, ndipo nyengo imeneyo kumakhala makampeni a katemera.

Limbani:
Ine ndingoti gulani mirrorless, makamera atsopano opanda kalilole mkati, mavuto athe. Sony anaika fokasi yotsata diso la nyama pa a7 III mu 2019, Canon anabweretsa yake pa R5 ndi R6 mu 2020. Imagwira diso yokha galu akuthamanga.

Chikondi wa ku Area 25:
Ndimazilakalaka achimwene, koma chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake sindiyandikirako.

Limbani:
N'zoona. Komabe amene angakwanitse asazengereze, pa galu wothamanga kusiyana kwake n'kwakukulu.

Yamikani:
Nanga ife a foni tingoonerera? Ndiponso mumatani kuti aimike makutu?

Mphatso:
Foni imatha. Lenzi yake yaikulu ndi yotambalala, ndiye mukayandikira mphuno imakula, makutu n'kuchepa. Bwererani m'mbuyo n'kusankha 2x kapena 3x ngati foni ili ndi lenzi yake. Itembenuzeni chadodolido kuti kamera ikhale kumunsi, pafupi ndi kapinga. Gwirani chala pa diso la galu pa sikirini mpaka fokasi itsekeke. Potumiza kwa kasitomala pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira yamasiku onse imafinya chithunzi, ubweya wakuda n'kusanduka phala.

Za makutu, ndi phokoso lachilendo. Kufinya botolo la pulasitiki lopanda madzi, kuimba mluzu chapansipansi, kulira kwa kamwana ka mphaka. Koma phokoso lililonse limagwira kamodzi kapena kawiri, kenako walizolowera. Ndiye konzani zonse kaye, chala chikhale pa batani, phokoso libwere komaliza. Anthu asamangoitana dzina lake mobwerezabwereza, chifukwa akamva dzina amadzuka n'kubwera.

Bambo Nkhoma:
Elliott Erwitt, wojambula wa ku bungwe la ojambula la Magnum amene anamwalira mu 2023, ankadziwika ndi zithunzi za agalu m'misewu ya New York ndi Paris, ndipo njira yake ina inali kuwauwa yekha. Zambiri ankajambulanso kamera ili pansi, miyendo ya anthu yokha ikuoneka. Koma kwa Rottweiler wa ku Area 47 kuuwako musayese.

Gift wa ku Area 49:
Ine ndili ndi pempho kwa ojambula. Ife oweta timafuna zosiyana ndi za pabalaza. Wogula akufuna aone galu yense cham'mbali, ataima miyendo inayi, msana, chifuwa, mapazi. Kamera ikhale pa msinkhu wa phewa lake. Ndiye funsani kaye kuti chithunzicho n'cha ntchito yanji. Chinanso, agalu anga ena ntchentche zinawadya nsonga za makutu nyengo yotentha ino. Mungathe kufufuta mabalawo pa kompyuta?

Mphatso:
Zimatheka, mphindi zochepa pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi. Chingwe ndimafufuta, manthongo, dovu, udzu womata pa lilime. Ubweya wakuda wojambulidwa pamthunzi umatengera mtundu wa thambo, umaoneka wabuluu, ndipo kukhosi kumatengera kubiriwira kwa kapinga. Zimenezo ndimachotsa, ndipo n'zosavuta mukajambula RAW, fayilo yosafinyidwa imene imasunga zonse zimene kamera yaona. Mabala nawonso ndikhoza.

Tadala:
Pamenepo ine ndikukana achimwene. Chithunzi cha pabalaza fufutani, palibe amene akupusitsidwa. Koma chogulitsira galu, munthu achoke ku Mchinji kapena ku Salima atakhulupirira chithunzi, adzapeze makutu a zilonda? Dzina loipa ligwera woweta ndi wojambula yemwe. Komanso mabalawo akumupweteka galuyo. Pali mankhwala opaka othamangitsa ntchentche, ndipo khola likamatsukidwa tsiku lililonse zimachepa. Achire kaye, kujambula kudikire.

Gift wa ku Area 49:
Amene ndikugulitsa ndi ana, achemwali, makutu awo ali bwinobwino. Mabala ali pa make, ndipo wogula amangofuna aone mtundu wake. Mankhwala ndayamba kale kupaka.

Tadala:
Ndiye mujambuleni cham'mbali momwe muliri khutu labwino, koma wogula akafunsa muuzeni. Kufufuta pa chithunzi chogulitsira ine sindikuvomerezabe.

Mphatso:
Ine ndikuona kuti bala loti lipola mwezi wamawa si mbali ya galuyo. Chimene sindingachite ndi kukulitsa mutu kapena chifuwa, ndipo alipo amene amapempha.

Mayi a Takondwa:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga, ndipo mayina onse ndi achizungu: Rottweiler, Boerboel, Maltese. Nanga galu wachikuda? Wanga ndinamutola ali kamwana m'ngalande ku Kawale nthawi ya mvula. Ndi wofiirira, makutu osongoka, mchira wopindikira kumsana, pamphumi pali timakwinya tiwiri timene timaoneka akamamvetsera. Dzina lake ndi Alekeni. Tsopano wayamba imvi kukamwa, ndipo chithunzi chake chabwino ndilibe ngakhale chimodzi. Ndinafunsapo wojambula wina anandiseka, akuti ameneyo ngwa kumudzi.

Bambo Nkhoma:
Anakulakwirani mayi. Kwa wojambula, galu wachikuda ndiye wokoma kuposa onse amene tatchulawa. Ubweya waufupi wofiirira umalandira dzuwa lamadzulo bwino kwambiri, kamera siivutika kuyeza, maso ndi owala, makutu amalankhula okha. Mwezi uno jakaranda wachita maluwa m'misewu yambiri, ndipo galu wofiirira atakhala pa maluwa ogwa apepo aja, mitundu iwiriyo imagwirizana popanda kukonza chilichonse. Imvi zakezo zisafufutidwe.

Tadala:
Ndipo amene akufuna pophunzirira, a LSPCA, bungwe losamalira nyama muno mu Lilongwe, amasunga agalu ofuna mabanja, ambiri achikuda, ndipo chithunzi chabwino chimathandiza galu kupeza pokhala. Mutha kukawafunsa ngati angalole wojambula wodzipereka. Kumeneko mungaphunzire agalu amantha, achidwi, okalamba, onse malo amodzi.

Yamikani:
Mayi, mungalole kuti ena a ife tidzaphunzirire pa Alekeni? Zithunzi tidzakupatsani zaulere.

Mayi a Takondwa:
Bwerani Loweruka, ndili ku Area 18. Ndi wofatsa, khadi la katemera lilipo. Koma musapitirire anthu atatu, akachuluka amakabisala kuseri kwa thanki.

Bambo Nkhoma:
Ine ndibwera ndi 85mm yanga, a Yamikani ndi a Chikondi mudzaiyese. Tifike 4 koloko kuti atizolowere, kujambula tiyambe cha m'ma hafu pasiti 4. Mayi, musamusambitse tsiku lomwelo, ubweya umafufuma. Lachisanu ndi bwino, Loweruka mungomupesa ndi kumupukuta m'maso ndi kansalu konyowa. Malo enieni mutitumizire kumbali, osati pa gulu.